Cenjezo ndi Ciletso: Malire a Nkhani Zoopsa m'Nkhokwe ya Archive of Our Own

Mau oyamba

Nkhani ino ikuunika njira imene gulu lina la owerenga ndi olemba linatsata poyankha funso lakalekale: kodi nkhani yopeka yosimba za kupha, kugwirira, kuzunza ndi zoipa zina zotere iyenera kuikiridwa malire otani, nanga woika malirewo akhale ndani? Gulu tikunenali ndi la anthu amene amatenga anthu a m'buku, a m'filimu kapena a m'sewero la pa wailesi ya kanema limene alikonda, nawalembera nkhani zatsopano popanda kulandirapo malipiro. M'Cingerezi zolemba zimenezi amazicha fan fiction. Ife pano tizicha nkhani zomezanitsa, pakuti mlembi wake amatenga tsinde la mtengo wa wina nalumikizapo nthambi yakeyake. Imodzi mwa nkhokwe zazikulu zosungiramo nkhani zotere pa intaneti ndi Archive of Our Own, imene inatsegulidwa mu Novembala 2009, ndipo pofika 2022 inali ndi zolemba zopitirira mamiliyoni 10.

Ganizo lathu ndi lakuti kucenjeza wowerenga kumateteza anthu ambiri koposa kuletsa mlembi, koma cenjezo lolembedwa ndi mlembi mwiniwake limalekeza pamene maso a mlembiyo alekeza kuona. Tiyang'ana nkhaniyi monga ophunzira za cinenero, cifukwa malire onse amene tikambe pano anamangidwa ndi mau.

Zoopsa si zacilendo m'zolemba

Sitifuna kutaya nthawi kutsimikizira kuti zolemba zabwino zimasimba zoipa. M'buku la Chinua Achebe la 1958, Things Fall Apart, mnyamata Ikemefuna aphedwa ndi munthu amene iye ankamuyesa atate wake, mapasa atayidwa kunkhalango, ndipo mwininkhani adzipacika. Bukuli limaphunzitsidwa kwa ana a sekondale m'maiko ambiri a mu Africa ndipo palibe mphunzitsi amene amaganiza kuti Achebe anali kulimbikitsa kutaya mapasa. Nthano zathu nazonso ziri ndi afisi odya ana ndi amai opeza ankhanza. Koma nthano iri ndi nthawi yake, ndiyo madzulo; iri ndi khomo lake, pamene wosimba ati “panangokhala” omvera nayankha “tiri tonse”; ndipo wosimbayo amaona nkhope za omvera ake, kotero kuti akhoza kufewetsa mau akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera.

Olemba nkhani zomezanitsa nawonso poyamba anali ndi khomo lotere. Kuyambira 1967, pamene okonda sewero la Star Trek ku America anatulutsa kamagazini kochedwa Spockanalia, nkhanizi zinkasindikizidwa m'timagazini tocepa totumizidwa pa positi kapena togulitsidwa pa misonkhano yao. Wofuna kugula kamagazini ka nkhani za akuluakulu nthawi zambiri ankafunsidwa kulemba kalata yotsimikiza zaka zake. Mabuku awiri a 1992, Textual Poachers la Henry Jenkins ndi Enterprising Women la Camille Bacon-Smith, anaonetsa kuti olemba ambiri m'magulu amenewa anali akazi, ndi kuti anali kudziwana, kulangizana ndi kulowetsana m'gulu pang'onopang'ono. Intaneti itafika, khomo limeneli linagwa. Nkhani imene kale inkadutsa m'manja mwa anthu odziwana tsopano inakhala pambalambanda, pofikira mwana ndi wamkulu yemwe.

Ciletso ca 2007

Yankho loyamba la eni malo a pa intaneti linali kucotsa. FanFiction.net inaletsa nkhani zosimba za kugonana mosabisa mu 2002, ndipo mu 2012 inafafaniza nkhani zambirimbiri nthawi imodzi. Koma cocitika cimene ciri ndi phunziro lalikulu kwa ife ndi ca pa 29 Meyi 2007. Tsiku limenelo kampani ya Six Apart, imene panthawiyo inali mwini wa LiveJournal, malo amene olemba nkhani zomezanitsa ambiri ankasonkhanako, inatseka masamba pafupifupi 500. Inatero itakakamizidwa ndi anthu onena kuti akuteteza ana kwa ogona ana, ndipo colinga cotere palibe munthu wamaganizo abwino amene angacitsutse. Vuto linali njira yake. Aliyense pa LiveJournal anali ndi mndandanda wa mau osonyeza nkhani zimene amafuna kukambirana ndi ena, ndipo kampaniyo inaweruza anthu poyang'ana mau a m'mindandanda imeneyi. Motero pamodzi ndi masamba oyeneradi kutsekedwa panatsekedwanso masamba a nkhani zopeka, gulu lokambirana buku la Vladimir Nabokov la 1955, Lolita, ndiponso magulu a anthu amene iwo eni anacitidwa nkhanza zotere ndipo anali kutonthozana. Maina a masamba otsekedwawo ankaoneka atakhwachidwa ndi mzere, n'cifukwa cake cocitikaci cimachedwa Strikethrough. Patapita masiku ocepa mkulu wa kampaniyo anapepesa, ndipo masamba ambiri anatsegulidwanso.

Colakwa apa cinali ca cinenero. Kuchula cinthu, kucisimba, kucivomereza ndi kucicita ndi nchito zinai zosiyana, ngakhale kuti zonse zikhoza kugwiritsa liu limodzi. Liu lakuti “kugwirira” limaturuka pakamwa pa wogwiriridwa, pa namwino, pa wapolisi, pa woweruza milandu ndi pa wolemba nkhani. Sefa yosefa mau siidziwa pakamwa pamene liu lacokera. Ndiponso, tikaganiza bwino, wocita coipa ndiye amapewa kucichula dzina. Wocichula momveka kawirikawiri amakhala wolakwiridwa kapena womuthandiza. Conco ciletso coyang'ana mau cimayamba kugwera anthu omwe cinati ciwateteze.

M'mwezi womwewo, Strikethrough isanacitike, mlembi Naomi Novik anali atapempha kale anzake kuti amange nkhokwe yaoyao yosakhala m'manja mwa amalonda. Iye anali kuyankha kampani ya FanLib imene inafuna kupeza phindu pa nkhani zomezanitsa, koma zimene zinacitika pa LiveJournal zinapatsa pempho lake mphamvu. M'caka comweco kunakhazikitsidwa bungwe la Organization for Transformative Works, limene ndilo mwini wa Archive of Our Own. Mfundo yake ndi yakuti nkhokweyo idzasunga nkhani yopeka iriyonse yosaswa malamulo a dziko la America, malinga ngati mlembi aika cikwangwani pakhomo pa nkhani yake.

Cikwangwani pakhomo

Mlembi asanaike nkhani m'nkhokwe amasankha msinkhu wa owerenga oyenera, kenaka amayankha za macenjezo. Macenjezo okakamiza alipo 4 okha: ciwawa cosimbidwa mwatsatanetsatane, imfa ya munthu wofunika m'nkhani, kugwirira kapena kugonana kopanda cilolezo, ndi kugonana kokhudza munthu wosakwana zaka 18. Ngati m'nkhani mulibe ciriconse ca zimenezi, mlembi amanena conco. Palinso njira ina imene tiikambe patsogolo, yakuti mlembi anene kuti wasankha kusapereka cenjezo. Pansi pa macenjezowa mlembi ali ndi ufulu woonjezera zikwangwani zina m'mau akeake, ndipo pali anthu odzipereka amene nchito yao ndi kulumikiza mau osiyana onena cinthu cimodzi, kuti wowerenga amene safuna kukumana ndi nkhani za kudzipha, mwacitsanzo, azicotse zonse pamaso pake ngakhale olemba anazichula mosiyanasiyana. Nchito imeneyi, imene kwenikweni ndi yopanga dikishonale ya mau ofanana matanthauzo, inali mbali ya zimene zinayamikiridwa pamene nkhokweyi inalandira mphoto ya Hugo mu 2019.

J. L. Austin, m'buku lake la 1962, anatiphunzitsa kuti mau ena sangonena cinthu cabe koma amacita cinthu, ndipo kucenjeza ndi kuletsa zonse ziwiri ndi zocita zotere. Kusiyana kwake kuli pa munthu amene watsala ndi mphamvu yosankha mau atanenedwa. Woletsa amasankhira onse. Wocenjeza amabwezera cisankho kwa womvera, motero amamuyesa munthu wamkulu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sanati wakutseka pakamwa.

Cinyanja cimaonetsa kusiyanaku bwino lomwe m'maonekedwe a mneni. “Sindiwerenga nkhani zotere” ndi mau a munthu wonena za iye mwini. “Usandionetse nkhani zotere” ndi pempho kwa mnzake, ndipo likadali lokhudza mwini wolankhulayo, monga kaphatikizo -ndi- kakusonyezera. Koma “usalembe nkhani zotere” ndi “asalembe nkhani zotere” alibenso -ndi- m'kati mwake: wolankhula wacoka pabwalo pake walowa pabwalo pa wina. Mikangano yambiri m'magulu a okonda nkhanizi m'zaka zaposacedwapa, makamaka pakati pa ofuna kuti nkhani zina zisalembedwe konse ndi onena kuti yense awerenge cimene afuna, imabuka cifukwa liu limodzi lakuti “malire” likugwiritsidwa nchito pa ziganizo zonsezi. Munthu amayamba ndi “sindiwerenga”, cimene ciri ufulu wake wosatsutsika, natsiriza ndi kutukwana mlembi, kuulula dzina lake lenileni kapena kumuneneza kwa omulemba nchito, akuganizabe kuti akungosunga malire ake.

Ife a Cinyanja tiri ndi liu limene lingatithandize pano, ndilo kulaula. Nyimbo ndi malangizo a anamkungwi m'tsimba zimachula ziwalo ndi zocitika za m'banja mosapsatira, ndipo palibe amene amati anamkungwi alaula. Mau omwewo atanenedwa pamsika kapena pamaso pa apongozi ndiye kulaula. Mauwo sanasinthe, casintha ndi malo, omvera, ndi kuti omverawo anadziwa kapena sanadziwe cimene adzamva. N'cimodzimodzi munthu amene pabwalo la milandu ayamba ndi kuti “pepani akuluakulu, ndilaula” asananene cinthu colemera: wapempha cilolezo, ndipo wapatsa wofuna kucoka mpata wocoka. Cikwangwani ca pa Archive of Our Own cimagwira nchito yomweyo kwa omvera amene mlembi sadzawaona nkhope.

Nanga mlembi wosankha kusapereka cenjezo? Ena amati njira imeneyi ndi cibowo m'mpanda. Ife sititero. Pali nkhani zimene mphamvu yake iri pa kusadziwa kwa wowerenga, ndipo kulengeza pakhomo kuti mwininkhani adzafa n'kuipha nkhaniyo isanayambe. Mlembi wonena kuti “sindikuuzani za m'katimu” sananame, ndipo wowerenga wosafuna kudzidzimutsidwa akhoza kulambalala nkhani zonse zotere. Ngakhale kukana kucenjeza kwasanduka cenjezo. Colakwa cimene oyang'anira nkhokwe amacitapo kanthu ndi bodza, pamene mlembi anena kuti mulibe coopsa koma cirimo. Owerenga eni anaonjezapo cikwangwani cina coseketsa cocokera m'sewero la Arrested Development, m'mene munthu apeza thumba lolembedwa kuti muli njiwa yakufa ndipo asadye, nalitsegulabe, napezamo njiwa yakufa. Mlembi akaika Dead Dove pa nkhani yake akutanthauza kuti zimene zalembedwa pakhomozo n'zenizeni, sizinafewetsedwe, ndipo wolowa asadzati sanauzidwe.

Pamene cenjezo silifika

Tikalekera pomwepa tikhala ngati tikuimbira nkhokweyi nyimbo yotamanda, pamene pali malo angapo amene njira yake imalephera.

Cenjezo limateteza wowerenga, koma silinena kanthu za munthu wosimbidwa. Anthu a m'nkhani akakhala opeka palibe wovulala. Koma nkhokweyi imalolanso nkhani zopeka zonena za anthu enieni ochuka. Mu Febuluwale 2020 okonda katswiri wa mafilimu wa ku China, Xiao Zhan, anakwiya ndi nkhani ina yomusimba iye ngati woyendayenda, ndipo anakaneneza nkhokweyo ku boma. Pa 29 Febuluwale 2020 Archive of Our Own inatsekedwa m'dziko la China, kotero kuti olemba ndi owerenga osawerengeka amene sanakhudzidwe ndi mkanganowo anataya malo ao. Cocitikaci cimaonetsa kuopsa koitana boma kudzaweruza mkangano wa owerenga, pakuti boma likabwera silisankha nkhani imodzi. Komabe dandaulo la okwiyawo silinali lopanda pake konse. Munthu wamoyo amene dzina lake ndi nkhope yake zaikidwa m'nkhani yolaula sathandizidwa ndi cikwangwani, cifukwa iye sali pakhomo posankha kulowa kapena kusalowa. Ali kale m'kati, ndipo sanafunsidwe. Za cenjezo lacinai, lokhudza ana, tinene mosabisa kuti cikwangwani cimangouza wowerenga cimene cirimo. Funso lakuti nkhani yolembedwa kuti isangalatse wowerenga ndi zotere iyenera kusungidwa kapena ai silinayankhidwe ndi cikwangwani, ndipo malamulo a maiko ena amaliyankha mosiyana ndi a ku America. Pali kusiyana pakati pa nkhani yoonetsa kuipa kwa cinthu ndi nkhani yocikometsa, ndipo cikwangwani cimodzi cimaphimba zonse ziwiri.

Kulephera kumene kutikhudza kwambiri ife owerenga a mu Africa ndi kwina. Pa macenjezo 4 aja palibe la tsankho la mtundu. Mu 2010, miyezi yocepa civomezi ca ku Haiti citapha anthu miyandamiyanda, mlembi wina pa LiveJournal anatulutsa nkhani ya cikondi ca azungu awiri, naika tsoka la Haiti ngati bwalo locitikirapo cikondico, anthu akuda a m'nkhaniyo nakhala ngati ana osadziwa kulankhula bwino. Owerenga ambiri anadandaula kwambiri. Mlembi wa nkhani yotere akanakhoza kuyankha mafunso onse a macenjezo moona mtima popanda kuchula cinthu cimene cinapweteka owerengawo. Rukmini Pande, m'buku lake la 2018, Squee from the Margins, anaonetsa kuti magulu amenewa, ngakhale amadzitama kuti amalandira aliyense, amayesa mzungu ngati muyezo wa munthu, ndipo wodandaula za tsankho ndiye amaonedwa ngati woononga cisangalalo ca anzake. Mu Juni 2020 atsogoleri a bungwe la nkhokweyi analonjeza kucitapo kanthu, ndipo mu Meyi 2023 owerenga ena anacita kampeni yowakumbutsa lonjezolo. Njira zoti wowerenga atsekereze munthu womuvutitsa kapena abise zolemba za mlembi wina zinaonjezedwa mu 2022 ndi 2023. Cenjezo la tsankho silinaonjezedwe.

N'kwapafupi kunena kuti amene anasankha macenjezo 4 aja anawerenga mabala ao okha, ndipo m'menemo muli coonadi. Koma ife tikuona kuti vutoli n'lozama koposa apa, ndipo silingathe mwa kungoonjezera cenjezo lacisanu. Macenjezo 4 aja amanena za zocitika: munthu wafa kapena sanafe, magazi asimbidwa kapena sanasimbidwe. Mlembi amadziwa zimene zacitika m'nkhani yake pakuti ndiye anazicititsa. Tsankho lopweteka kwambiri silikhala m'zocitika. Limakhala m'liu la wosimba, m'kusankha amene apatsidwa dzina ndi amene angochedwa khamu, amene alankhula ziganizo zathunthu ndi amene angofuula. Tiyerekeze kuti Joseph Conrad anapatsidwa mafunso a nkhokweyi pa Heart of Darkness ya 1899. Akanavomera kuti muli ciwawa. Akanavomera kuti Kurtz afa. Cimene Achebe anacionetsa m'nkhani imene anakamba ku University of Massachusetts mu 1975, cakuti Aafirika m'bukulo alandidwa cinenero ndi umunthu, Conrad sakanacilemba pakhomo, cifukwa sanali kuciona. Mlembi amene angaike cikwangwani ca tsankho ndi uja amene akulisimba mwadala kuti alitsutse. Cikwangwanico cikanagwera Achebe, Conrad n'kudutsa wopanda banga, ndipo tikanabwerera ku colakwa comwe ca 2007.

Apa mpamene nchito ya wounika zolemba imayambira, ndipo magulu a okonda nkhani zomezanitsa sanaipezere malo abwino. Mwambo wao umati nkhani ndi mphatso, ndipo wolandira mphatso sainyoza. Wosaikonda angocoka mwakacetecete. Mwambowu ndi wabwino poteteza mlembi wongoyamba kumene, ndiponso poletsa cipongwe cimene tachula kale. Koma ukakhwimitsidwa umasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, kunena kuti “usalembe” ndi kunena kuti “cimene walembaci cikunena cakuticakuti za anthu a mtundu wanga”. Coyamba ndi ciletso. Caciwiri ndi kuwerenga, ndipo mlembi amene wapempha ufulu wosimba zoopsa sangapemphenso kuti owerenga asamuuze cimene apezamo.

Macenjezo m'Cinyanja

Nkhokweyi imalandira nkhani m'zinenero zambiri, kuphatikizapo Ciswahili ndi Cizulu, koma macenjezo ake anaganiziridwa m'Cingerezi. Wofuna kuwamasulira m'Cinyanja, kaya ndi wa pa intaneti kaya ndi wosindikiza mabuku a akuluakulu, adzakumana ndi vuto limene eni Cingerezi sanalione kwenikweni. Ulemu wa cinenero cathu uli pa kuzungulira. Sitifulumira kunena kuti munthu wafa. Timati watisiya, kapena kuti kwagwa zovuta. Za wogwiriridwa timamva anthu akuti anamulakwira, anamuononga, anamucita cipongwe. Mau otere ndi acifundo pamaliro ndi pabwalo, koma pa cikwangwani sagwira nchito, pakuti “cipongwe” cikhoza kukhala kutukwanidwa cabe, ndipo mai amene anafuna kupewa nkhani ya kugwirira adzalowa osadziwa. Cenjezo lomveka liyenera kuchula cinthu dzina lake, kutanthauza kuti m'Cinyanja cikwangwanico cidzayandikira kulaula kumene cikucenjeza, ndipo cidzawerengedwa ndi aliyense wodutsa, ngakhale wosalowa.

Cenjezo lacinai ndilo lovuta koposa. Womasulira wofulumira adzalemba kuti “mwana wosatha msinkhu”. Koma kutha msinkhu m'Cinyanja kumanena za thupi, ndipo mtsikana wa zaka 14 amene wavinidwa amachedwa namwali, osatinso mwana. Cikwangwani comasuliridwa motero cidzasiya kunja atsikana omwe a zaka 14, 15 ndi 16 amene cenjezo la m'Cingerezi limawawerengera. Ngakhale lamulo la maukwati la Zambia, pamene linasinthidwa mu 2023 kuti likhudzenso maukwati a mwambo, silinadalire mau akuti mwana kapena namwali pokha, koma linachula zaka 18. Womasulira cenjezoli adzayenera kucita cimodzimodzi, kusiya mau a msinkhu nalemba nambala.